Kabuluzi ka Azakhali

Achemwali,

Muli bwanji? Alamu akunenepabe? Kuno tili bwino, koma ine manyazi andigwira.

Azakhali, ndi ntchito yawo yoteteza nyama ija, anabweretsa kabuluzi kokhala pansi pa mchenga. Akuti timabuluzi totere tatsala tochepa, anthu akukumba mchengawo n'kumangira nyumba. Ine ndinapeza beseni la mchenga pakhonde, osadziwa kuti kali momwemo, ndinatapa n'kukwechera mapoto ngati kwathu, wotsala n'kukhuthula panja. Ndinkachita kudzitama kuti m'dera lonse lino la Utawala mulibe mapoto owala chonchi!

Azakhali sanandikalipire. Anangogwada ndi zovala zakuntchito, n'kumasefa dothi ndi manja. Kenako anati, "Mwanawe, kanali ndi mazira."

Sitinakapeze. Mapotowo akuwalabe, ndipo sinditha kuwayang'ana.

Chonde musawauze amayi. Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Yamikani