Paini Wanu Uja Adula

Amayi, kumeneko kukuyenda bwanji? Kuno tilipo, phiri lokha ndi limene lameta.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mlongo wanga Marita wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni, Mulungu amuchitire chifundo. Chimanga ku Mbedza tinakolola bwino, koma anankafumbwe akudya ngati analima nawo. Amalume dzino lija linachoka, tsopano chimanga chootcha amangochinunkhiza.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mukukumbukira paini amene munadzala pamtsetse woyang'ana kutauni, muli pa ganyu ya zankhalango, ine ndili kumsana? Nditakula, mukandiona ndikuthawa atsikana, munkaseka n'kumati ine ndidzakwatira pokhapokha painiyo akadzadulidwa. Inu munkangocheza, ndikudziwa, koma ine mawuwo ndinawasandutsa lamulo la malemu. Esinati, bwenzi langa wogulitsa mabulosi pamsewu wokwera kuphiri, wakhala akumva lamulo limeneli chaka ndi chaka. Akangotchula za ankhoswe, ine ndinkaloza phiri n'kugwetsa nkhope. Ndani angatsutsane ndi munthu amene anagona?

Sabata yatha ndinkabwera kuchokera ku Limbe, kumene ndinakhala miyezi ingapo pa ntchito yomanga. Minibasi itadutsa pa Thondwe, ndinasuzumira pawindo n'kuona dazi mbali yanu yonse ija. Ndinauza bambo amene ndinakhala naye pampando kuti mwina ndi nkhungu. Iye anati nkhungu siifiira.

M'mawa mwake Esinati anandikweza phiri, iye patsogolo ine pambuyo, tikupatukira anyamata otsetsereka ndi njinga zodzaza nkhuni. Kumeneko, Amayi, nthaka sinadikire munthu. Pamene macheka anadutsa, moto unatsatira. Pamene panapsa, mvula yameretsa udzu wanthete, ndipo mabulosi ayamba kale kuyanga pazitsa. Anyani amene ankakuberani nthochi aja asamukira kutsidya kumene kudakali mthunzi. M'munsi mwake azimayi ena, ana kumsana, akudzala mbande zatsopano m'mizere.

Ndinayesa kunena kuti mwina inu munkatanthauza mbande zimenezo. Esinati sanaseke. Anatula dengu lake pansi n'kunena kuti, "A Yohane, mbande izi mudikira nokha. Ku Malosa kuli mphunzitsi wina amene safunsa mitengo."

Ndinakhala pachitsa, Amayi, ndipo ndinalira, ndisakunamizeni. Sikuti ndimaopa banja ayi. Mitengo ija ikamalira ndi mphepo ndinkamva ngati mukadali kuphiri pa ntchito, mubwera madzulo ndi mtolo wa nkhuni. Tsiku limenelo ndiye ndinadziwa kuti simubweranso, ndipo ndinakusowani kuposa tsiku la maliro. Esinati anandisiya ndilire mpaka nditakwana. Pondidzutsa anachita kukoka ndi manja awiri, chifukwa utomoni unali utagwira thalauza.

Potsika ndinakumbukira kuti munkakonda kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho amalume akupita kwawo kwa Esinati Loweruka lino. Jekete abwereka kale, ndipo ndawapempha kuti asamaseke kwambiri kumeneko.

Ndikulonjeza kuti tikadzamanga ukwati ndidzabwera naye Esinati kudzalambula manda anu, mudzamuone nokha mpongozi wanu. Ndi wolimba mtima ngati inu, ndipo ndikukhulupirira mukanagwirizana pondiseka.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Yohane