Dzina Limene Anandipatsa ku Dar es Salaam

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Ndakhala pansi pa mango 3 koloko masana, kuno ku Utale, cholembera ndabwereka kwa mpongozi wanga Martina. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, zilembo zikapendama zipendame.

Maness, mdzukulu wanga amene ndinamulera amake atamwalira, watumiza tikiti ya basi. Akuti ndipite ku Dar es Salaam kumene amagulitsa zitenje, ndikaone mwamuna amene akufuna kumukwatira. Dzina lake Raymond, wa komweko. Mwana wanga Yoram, ndiye malume ake, akuti mawu anga ndiwo omaliza.

Ndikupita kukakana. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kuchikazi. Ameneyu akufuna andisungire mwana kuseri kwa boda, ndikadzadwala adzanditungire madzi ndani?

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndafika. Mapazi atupa ngati maungu.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Anditengera kumalo odyera otchuka, m'mphepete mwa nyanja yawo yamchere. Madzi osaoneka tsidya, koma osamweka. Phindu lake?

Raymond wafika, wamtali ngati mlongoti wa foni. Wawerama bwinobwino, ine n'kumati ulemu ulipo. Atatsegula pakamwa: "Shikamoo, Bibi."

Ndinayang'ana pansi pa nsapato zanga. Mnyamata woperekera zakudya nayenso, akumwetulira: "Karibu, Bibi!" Wachiwiri, Bibi. Wapakhomo, Bibi. Mayi wa zaka 71, wa bungwe la amayi kutchalitchi, kutchedwa zosiya mwana m'thewera! Ndinanyamula chikwama.

Maness anandikokera kuchimbudzi, malo oyenera nkhani yake. Akuti m'Chiswahili bibi ndi agogo, ndipo ndi ulemu waukulu. Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Kenako ndinati: "Usamuuze kuti ndamva. Ndione mmene amathyolera bondo akalakwa."

"Agogo, chonde!"

Iyayi. Ndinabwerera patebulo nkhope ili gwa. Mafoloko atatu, mipeni iwiri, ngati tikuchita opaleshoni. Nsomba kakang'ono pakati pa mbale yaikulu, atakaveka tsamba pamutu. Ndinadya ndi manja. Ya pa Liwonde imaposa.

Loweruka, 10 Ogasiti

Lero malo ena, pamwamba pa nyumba yosanja. Tinakwera m'kabokosi kachitsulo, matumbo anatsala pansi.

Wina wamuuza Raymond tanthauzo la mawu aja kwathu, dalaivala mnzake wa ku Balaka. Mwana wa eni wabwera atafota ngati chisoso cha dzulo. Sakunditchula dzina lililonse, akungoti "eee" n'kuloza mpando. Woperekera zakudya atangoyamba "Bi..." anamutseka pakamwa ndi pepala la zakudya.

Kenako ndinamumva akuitanitsa: kamba.

Ndinati, "Maness, umufunse. Masiku awiri okha akundimangira kale kamba wa paulendo? Akundithamangitsa? Kapena ndi kamba wa chigoba uja? Ine fulu sindidya."

Raymond anatuluka thukuta mpaka kolala.

Chabwera: dzombe la m'madzi, lofiira, ndevu zake ngati za katekisiti. Kuno ndiye kamba ameneyo. Ndinalawa kamodzi nkhope nditakwinya. Mayo ine! Adyo, ndimu, batala. Ndinadya khumi ndi awiri ndikudandaula. Mitu ndinkabisa pansi pa kansalu.

Kunyumba Maness walira. Akuti: "Mukakana sindikwatiwa, sindingakudumpheni. Koma ndidzabwera ku Utale thupi lokha." Pamenepo sewero linayamba kuwawa. Ndinafuna wonditungira madzi, osati mwana wozimitsidwa ngati nyali.

Koma sindinamuuze. Mawa kaye.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Titaweruka ku Misa, malo achitatu, matebulo ali pamchenga. Amake Raymond abwera, mayi wonenepa, maso akuthwa ngati anga. Tinayezana.

Chakudya chisanafike Raymond anatenga jagi ndi beseni m'manja mwa woperekera, n'kugwada pamchenga ndi buluku lake loyera, azungu akuyang'ana. Anandisambitsa m'manja yekha. Kenako anatulutsa kapepala, Chichewa cholembedwa ndi dalaivala uja, n'kuwerenga:

"Agogo, pepani kwambiri. Inu sindinu bibi. Bibi ndine."

Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Ndinaluma mlomo, ndinaganiza za maliro. Zinakanika. Ndinaseka mpaka duku linagwera mu msuzi. Maness atawamasulira amake, nawonso anagwa nako kuseka, akumenya tebulo, n'kudziloza pachifuwa kuti nawonso ndi bibi wa adzukulu asanu ndi mmodzi. Tinagwirana chanza, abibi awiri.

Ndinamuuza Raymond kudzera mwa Maness, iye ali chigwadire: "Mwamuna wodzitukwana yekha pagulu chifukwa cha mkazi sapezeka kawiri. Koma tamva. Umange nyumba ku Utale, ngakhale ya chipinda chimodzi. Chaka chilichonse nthawi yolima mubwere nonse, ugwire khasu ndikuone."

Akuti zipinda ziwiri. China cha ine.

Ndinati adzuke, mawondo angamere mizu. Ndipo aitanitse kamba, mbale yaikulu, mitu sindibisanso.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndafika ku Utale. Anandimangira kamba wouma m'kathumba, kamba wa kamba. Ndinkati ndigawireko a Yoram. Pofika pa Karonga kathumba kanali kopepuka, pa Balaka kanali kathumba chabe.

Masana ano foni yalira. Raymond. "Muli bwanji, agogo?" Waphunzira, mwana.

Ndinati, "Agogo ndani? Ine ndine Bibi. Koma kwa iwe wekha."

Martina, ndikudziwa kuti umawerenga kope ili ndikapita kudimba, umasiya zala za mafuta. Ukamaliza ukawapatse amuna ako a Yoram, adziwe kuti ndavomera, ayambe kuumba njerwa. Koma wina wa m'mudzi muno akadzangonditchula dzina limeneli, ndidzadziwa kumene lachokera, ndipo mthiko wanga ukuudziwa.