Mafirizesi Anu Asanu Pansi pa Ayezi

Amayi, kumeneko kukuyenda bwanji? Kodi nako kumatentha ngati kwathu kuno ku Golomoti?

Ife tilipo. Mlamu wanga Malita anachira, mwana wamkazi, makutu ngati a Abambo. Mpunga wa kudambo tinakolola wochepa chifukwa mbalame zinatitsogolera, koma sitikugona ndi njala. Abambo bondo lija likuwavutabe.

Nkhani yeniyeni ndi ya firiji yanu yaikulu ija. Mafirizesi a malambe ndikugulitsabe, pamalo panu pomwe paja poima maminibasi. Koma mwezi watha firijiyo inayamba kutaya madzi. M'mawa uliwonse pansi pankakhala chithaphwi, pamene m'kati ayezi anakula mpaka chivindikiro chinaleka kutsekeka. Mafirizesi apamwamba ankatuluka ali madzi okhaokha, anthu n'kumabweza. Tsiku lina Malita anaterereka khanda lili m'manja. Anagwira chitseko, sanagwe.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti firiji imodzimodziyo ingamaunditse madzi mopitirira chonchi n'kumatayanso madzi bwanji? Paja inu munkati, "Madzi sanama, uwatsate akuuza kumene achokera." Ndinawatsata chokwawa, ndinangotulukako ndi fumbi m'mutu.

Kenaka ndinatenga mpeni kuti ndigobe ayeziwo. Abambo anandilanda, n'kuimbira foni a Saidi a ku Mtakataka, okonza mafiriji aja. Atafika n'kumva za mpeniwo anapukusa mutu. "Mukanabaya kapaipi ka gasi, bwenzi pano tikunena zoti ikhale yosungiramo chimanga," anatero. Anapana pepala ndi chivindikiro, n'kulikoka, linangosololoka. Ndiye kuti labala ya m'mphepete inali itatha. Mpweya wotentha wa kuno umalowera pamenepo n'kusanduka ayezi. Magetsi akathima, ayezi ena amasungunuka, madzi n'kumadontha pa kabowo ka pansi, poti kachitsekero kake kanali katang'aluka. Ndinawafunsa mafunso mpaka anaseka n'kunena kuti ndiyambe ntchito yawo.

Koma anandidabwitsa ponena kuti inuyo munkaisungunula firijiyi mwezi uliwonse, ndiye chifukwa chake sinakuvutenipo. Amayi, munkachita liti zimenezi? Ine zaka zonsezi ndili nanu nyumba imodzi sindinaonepo. Abambo akuti ndi masiku aja munkandituma kukagula malambe. Kodi munkandibisira dala, kapena munkaona ngati nthawi yondiphunzitsa ikadalipo?

Tinaizimitsa, tinatulutsa zonse, n'kuika mapoto a madzi otentha m'kati. Tinakhala pakhonde kumamvera ayezi akugwa okha. Poyeretsa pansi, pakona pamene panaundana kwambiri, ndinapeza mafirizesi asanu. Ndinawazindikira ndi mfundo. Ine ndimamanga kamodzi, inu munkapinda kawiri. Anali anu, Amayi, a ulendo womaliza uja musanagonekedwe ku chipatala kuja kumene simunabwereko.

Pali zimene sindinakuuzeni. Makasitomala anu amagula, koma amati, "Akukoma, komabe si aja a mayi anu." Ine ndinkati ndi chifundo chabe chikuwalankhulitsa. Ndinafunsa a Saidi ngati mafirizesi anu asanuwo angadyeke, iwo anati ndi okonza mafiriji, si adokotala. Ndinaluma limodzi. Anthu aja sanama. Malambe ndi omwewo, shuga yemweyo, koma kumapeto kumabwera kenakake kothethetsa pakhosi pang'ono, n'kuchoka usanakazindikire. Malita analawa lachiwiri, akuti ndi jinja. Ine ndikuti ayi, jinja amakhalitsa pa lilime.

Firizesi lachitatu ndinapatsa Abambo. Analifumbata nthawi yaitali osaluma, madzi akudontha m'zala. Atamwa anati, "Ndakhala nawo amayi ako zaka zonsezi, ndamwa zimenezi zosawerengeka, koma sindinawafunsepo." Kenaka anapita kukaona mbuzi, zimene zinali zitamangidwa kale.

Firiji ili bwino tsopano. A Saidi anaika labala yatsopano ndi kachitsekero kena, ndipo pansi ndi pouma. Ine ndili pa ntchito yofufuza. Ndayesa jinja, ndayesa makoko a mandimu, ndayesa uchi. Anzanu a m'kwaya ku Mua ndinawafunsa, aliyense akunena zake. Amayi, munkathiramo chiyani? Ndipo munachiphunzira kwa ndani?

Atsala awiri. Ndawaika m'kachigubu kotseka bwino. Limodzi ndidzalitsegula tsiku limene ndidzaone ngati ndapeza, kuti ndiyerekeze. Linalo sindikudziwa ngati ndidzalimbe mtima. Ndikukulonjezani kuti firiji yanu ndiziisungunula mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo uliwonse Malita azikhala pomwepo kuti aziona.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tereza