Lipenga Lamutengetsa Sitefano

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine kuno ndasowa woti ndimuuze, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mtedza munausiya utangomera uja tinakumba, unadzaza nkhokwe yaing'ono. Mkazi wa mlongo wanga Sitefano anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe. Koma bambo wake sanamuonebe, Amayi. Sitefano anamutenga a chipani.

Chamutengetsa ndi lipenga lija, chimkuwa chachikulu chimene abambo ankaliza m'bandi ya ku mishoni, chija ansembe ankati tuba. Mukumbuka abambo ankanyadira kuti analisenza pamutu kuchokera ku boma, asilikali atalisiya nkhondo itatha. Ankatinso kholo lake kwa azunguko linali lamtengo, lopindikapindika ngati njoka, lamkuwa lamabatanili linabwera pambuyo. Inu munkangoti, "Kaya njoka kaya mkuwa, chituluke m'nyumba mwanga, chikundibalalitsira nkhuku." Abambo atamwalira, mwana wanu Sitefano analitola.

Tsiku la msonkhano wa chipani ku Mkanda bandi inaitanidwa. Paja munthu akaliza nthawi yaitali malovu amadzaza m'kati, ndiye amatsegula kachitseko kam'munsi n'kuuzira pang'ono kuti atuluke. Sitefano anachita zomwezo mlendo wamkulu ali pakati polankhula. Chala chinaterereka, lipenga linalira ngati ng'ombe, ana n'kufa nazo kuseka. A chipani akuti ananyoza mlendoyo. Dzuwa lisanapendeke anali atamukweza kale m'galimoto.

Ndapalasa njinga yobwereka kanayi kupita ku boma, amangoti dzinalo sakulidziwa. Anzake a m'bandi akandiona amapatuka, awiri anawolokera ku Zambia. Sindikuwada, ali ndi ana. Munkati mutu umodzi susenza denga, nanga ine mutu winawo ndikautenge kuti?

Popeza palibe wofuna kukafotokoza za malovuwo, ndakhala ndikuphunzira ndekha kuliza kuseri kwa chigafa cha fodya. Milomo yatupa, koma dzulo linalira, kulira komwe kuja. Lolemba ndilisenza kupita nalo ku boma, ndikawaonetse ndi maso kuti chala chikangophonya limalira lokha. Amuna anga akuti ndapenga, kukaliza pamaso pawo n'kunyoza kachiwiri ndipo anditsekera nane. Mwina akunena zoona. Ndikuopa, Amayi, ndikaganiza za khomo la ofesi ya ku bomako. Koma kuchipatala kuja, musanatisiye, munandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisamale mlongo wanga, ine n'kuvomera.

Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti sindichoka pakhomopo asanandiuze kumene ali. Koma ngati mwamuona kale kumeneko, chonde bwerani kutulo mundiuze Lolemba lisanafike.

Ine mwana wanu,
Felesiya