Mawa Musawatumizire za Nyenyezi

Okondedwa Achemwali,

Lero kunacha ndi mvula yamawawa. Madzi amangodontha m'ndowa ya pakhonde, ndipo wailesi ya aneba imalira yokha. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Nanga kamwana chifuwa chija chinasiya? Ine ndili bwino, kusukulu ndikupita.

Kalatayi ndiijambula n'kukutumizirani pafoni, chifukwa nkhani yake singadikire. Abambo anatiletsa kukuuzani, koma ndatopa kusunga.

Chiyambireni inu kuwatumizira za nyenyezi m'mawa uliwonse, satuluka asanawerenge. Tsiku lomwe munawalembera kuti nyenyezi yawo yalowa m'nyumba ya ochiritsa, anapita kukhoti n'kukasiya ntchito yawo yaukalaliki. Anabwera masana atanyamula kapu yawo ya tiyi ndi khushoni ya pampando. Anatiuza kuti akufuna udokotala, ati anaulakalaka ali mnyamata. Munthu waimvi, Achemwali!

Amayi anaseka kaye, koma ataona khushoniyo anakhala pansi. Anawafunsa ngati odwala azidzawapima ndi mwezi. Sipanatenge nthawi, amayi anasamukira kwa amayi aang'ono.

Tinatsala awiri. Abambo anandilanda mabuku a sayansi, n'kumandifunsa ngati mwana wa sukulu. Analembanso mayeso pakati pa anyamata, mawondo osakwana m'desiki. Anzanga anayamba kunditcha Kadokotala, ine n'kumangodya ndekha kuseri kwa kalasi. Koma abambo anakhoza. Sukulu ya udokotala inawaitana kuti akayankhe mafunso lero ndi mawa.

M'mawa muno anavala tayi, nsapato imodzi ili kale kuphazi, foni n'kulira. Unali uthenga wanu, woti a nyenyezi yawo lero asayende ulendo kapena kuonekera pamaso pa akuluakulu. Ndinaona ndi maso anga akuvula nsapatoyo n'kukhala pabedi. Anati mafunso adzakhalaponso chaka chamawa. Nditawauza kuti sadzawaitananso, anati ndine mwana, zakumwamba sindizidziwa.

Ndinathamanga mvula ili pamsana mpaka kwa amayi aang'ono. Kunena zoona, ndimaganiza kuti amayi asangalala, anena kuti bola akapemphe ntchito yawo ija. Koma ayi. Anangotenga ambulera.

Titafika kunyumba, analowa kuchipinda ndi matope omwe, analanda foni n'kuiponya m'chikwama chawo. Anauza abambo kuti nyenyezi zinawachotsa ntchito, zinabalalitsa banja, koma zoti ziwakhazikenso pabedi ndiye ayi. Anawafunsa kuti ngati akunjenjemera ndi uthenga wa pafoni, adzatani akadzaona munthu akukha magazi. Abambo anayamba kufotokoza za mwezi. Amayi anagwada, anawagwira phazi, anawaveka nsapatoyo n'kumanga okha zingwe. Kenako anati a Dokotala aimirire. Sanaseke ngakhale pang'ono.

Amayi omwewo, oti samafuna ngakhale kumva mawu oti chipatala! Ndinawayang'ana pawindo akupita kokwerera basi, ambulera imodzi, amayi patsogolo akuwakoka dzanja.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti mumachita chifukwa chowakonda, ndipo inuyo mumazikhulupiriradi. Koma mawa kuli mafunso omaliza. Chonde musatumize kanthu, olo zabwino. Zikakhala zoipa satuluka, zikakhala zabwino adzati zawakhozetsa ndi nyenyezi, pomwe ine ndinawaona akuwerenga mpaka maso kufiira. Foni yawo ili kwa amayi, koma nambala yanu amaidziwa pamtima, ndipo akhoza kubwereka ya munthu. Akakuimbirani, muwafunse za mafunso basi.

Madzulo ano abambo sanabwere, agona komweko kuopa kuchedwa mawa. Amayi abwera okha, ndipo afikira kuno, osati kwa amayi aang'ono. Panopa ali kukhitchini, akundikalipira kuti mapoto tinawasandutsa makala.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, kamwanako mukapsompsone.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa m'nyumba muno