Kagalimoto ka Mipando Iwiri pa Ukwati wa Esinati

Mufakose

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ife tilipo, kungoti alongo anu mwendo uja ukumawavutabe kukazizira.

Ukwati wa Esinati unayenda bwino Loweruka, ngakhale inu eni mbumba munalephera kubwera chifukwa cha nkhondoyi. Mukukumbukira kagalimoto kofiira kopanda denga kamene anandisiyira mzungu wa kugalaja uja pochoka? Injini yake inali itafa, ndipo zipangizo zake zinasiya kulowa m'dziko muno. Komabe ndinalumbira kuti mwana wanga adzapita kutchalitchi pa kagalimoto komweko. Ndinachotsa injini yakaleyo n'kuikamo ina ya kalole kena kamene kanagubuduzika. Inakula, boneti osatseka, mpaka ndinaboola bonetiyo pamwamba. Anansi anatisonkhera makuponi a petulo, ndipo tsiku limene injiniyo inalira, amayi a mumzere wathu anaimba nthungululu.

Koma Alamu, miyezi itatu yonse ndili chagada pansi pa galimoto, za mipando sindinaganizeko. Ilimo iwiri basi, ndipo mkamwini sadziwa kuyendetsa! Ankhoswe atanong'onezana anati, "Bambo, tengani mwana wanu, mkamwini atsatire panjinga." Mkamwiniyo anapalasa ali m'suti mpaka kutchalitchi, thukuta lili kamukamu, akungoseka. Pamenepo ndinadziwa kuti Esinati wapeza mwamuna.

Mukamva za wobwera kuno, mutipatsireko mtedza, alongo anu aulakalaka. Mulungu akusungeni nonse. Nkhondo ikatha mubwere, mpando winawo ndakusungirani.

Ndine mlamu wanu,
Yohane