Supu wa maungu wa Mireille

Lamlungu, 1 Januwale 2017, Al Barsha

Chaka ndachiyamba ndi mkwiyo. Mireille, namwino mnzathu wa ku Haiti, anabwera kuntchito, kuchipatala chathu kuno kwa Aluya, ndi supu wa maungu. Kwawo amamwa supuyu lero pokumbukira ufulu, poti kale akapolo ankaphikira azungu koma iwo osaloledwa kulawa. Anayamba kugawira ife Amalawi, akuti ndife abale ake.

A Yusufu, oyendetsa ambulansi, anakankha mbale. "Achemwali, anthu akumeneko ngokhwima. Ine ayi, khalasi, basi." Analankhula m'Chichewa, koma Mireille anaona dzanjalo.

A Yusufu umboni alibe, angoonera mafilimu basi. Ine ndinamwa mbale ziwiri, komabe poto wabwerera wodzaza. Potuluka Mireille wandifunsa zimene a Yusufu ananena. Ndamuuza kuti tikambirana mawa, ndipo mawalo sindikudziwa kuti ndidzamuuza chiyani...